Akuti ndikuweta chinthu m'furiji

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka zoyandikira makumi asanu, ndipo ndili ndi golosale pa Lisungwi. Ndakulemberani chifukwa mbiri yanga yaipa, ndipo chaiipitsa ndi furiji.

Chiyambire chaka chatha, thupi langa limayaka moto popanda chifukwa. Umayambira pachifuwa, kukwera m'khosi, kufika kumaso, kenako thukuta kamukamu ngati ndimakankha njinga ya makala pachitunda. Kumwezi nakonso ndikupita modumphadumpha. Poyamba ndinkati ndi dzuwa la kwathu kuno, poti ku Lisungwi kumatentha ndithu. Koma mu Juni ndinapita ku Dambe kukapikula mbatatesi. Kumeneko anthu anali atavala majuzi awiriawiri, mano akugundana, ine ndikudzikupiza ndi chivindikiro cha ndowa. Mayi wondigulitsa anachita kundifunsa ngati ndabwera chothamanga kuchokera kwathu.

M'golosale mwanga muli furiji yaikulu, ija yotsegulira pamwamba, momwe ndimasungamo nkhuku ndi timapaketi ta malambe oundana. Tsiku lina moto utandipeza, ndinaitsegula n'kulowetsamo mutu mpaka m'mapewa. Aphungu, kukoma kwake sindingathe kukufotokozerani. Chinasanduka chizolowezi. Vuto langa ndi lakuti ndikamva bwino ndimayankhula. Ndiye masana ena alamu anga a Ellen, achemwali awo a amuna anga, analowa osaodira, n'kundipeza ndili chiweramire m'furiji ndikuti, "Zikomo bwenzi langa, ndiwe wekha ukundisunga pa Lisungwi pano."

Anangobwerera chafutambuyo, ngakhale mchere umene anadzera anausiya. Pofika tsiku la msika, aliyense anali atamva zoti ndinakhwima, ndikuweta chinthu m'furiji chimene chimandiitanira makasitomala. Ena akuti ndi kamwana kopanda miyendo, ena akuti ndi njoka yovala ndolo. Nkhuku zanga anthu asiya kugula, ati zimagona limodzi ndi chinthucho.

Amuna anga, a Laimoni, za chinthuzi sakhulupirira, koma ali ndi dandaulo lawolawo. Anandiuza kuti, "Amake Tisungeni, zaka zonse takhala m'banja muno simunanditchulepo bwenzi lanu. Lero ulemu umenewo wapita kwa furiji?" Pofuna kuilanda malo, anakwera minibasi mpaka pa Zalewa n'kundigulira mafuta obiriwira kwa venda wina, ati oziziritsa thupi. Nditadzola, khungu linazizira ndithu, koma m'kati moto unali chiyakire, misozi ili chuchuchu tsiku lonse. Fungo lake ngakhale mbuzi za aneba zinkandipatukira.

Mwana wanga Tisungeni, amene amagwira ntchito ku Blantyre, atamva za vutoli ananditumizira kafani kokupiza mphepo kovala m'khosi, kotchaja ngati foni. Kameneka kamandithandiza, sindinama. Kulakwa kwanga kunali kupita nako kumaliro ku Magaleta, nditakabisa m'chitenje chofunda. Tili kumanda, abusa ali m'kati molalikira, moto uja unabwera. Ndinapirira, ndinapirira, kenako ndinakayatsa mobisa. Kanayamba kulira kuti ng'wiii. Mayi wina pafupi nane anakuwa, "Njuchi!"

Aphungu, anthu anabalalika. Agogo oyendera ndodo anadumpha mitumbira. Abusa anathawa atafunda jekete kumutu, adzukulu awiri analumphira m'dzenje lomwe anakumba okha. Ine pofuna kukazimitsa ndinadina polakwika, kanawonjezera liwiro, n'kukoka nsonga ya mpango wanga mpaka mutu unapendekeka. Ndinatsala ndekha ndi bokosi la malemu, ndikulimbana ndi khosi langa. Pamenepo ndinamva mawu a alamu anga kuseri kwa mtengo: "Mwaona? Chamutsatira mpaka kumaliro!"

Tsopano akulu a mpingo atumiza uthenga kuti abwera kudzatsegula furijiyo ndi kuipempherera. A Ellen akufuna ikaponyedwe mumtsinje wa Lisungwi. Chikundiwawa kwambiri n'chakuti chinkhoswe cha Tisungeni chayandikira, koma akuchimuna ayamba kuzengereza, ati amve kaye zotsatira za furiji. Mwana wanga akulira pa foni. Akulu a mpingowo onse ndi abambo. Ndiwauza bwanji za kumwezi kwanga, ine munthu wamkulumkulu?

Kodi ndalodzedwa, kapena ndi mimba paukalamba uno? Nanga pa zoziziritsa zonsezi, chenicheni n'chiti? Furiji ndiipereke?

S.K., Lisungwi, Neno.

Mayi S.K.,

Mundikhululukire, pa adzukulu aja ndaseka mpaka kutsamwa. Koma mtima wanu ukhale m'malo: simunalodzedwe, ndipo m'furiji mwanu muli nkhuku basi. Zimene mwafotokozazi n'zimene amayi ambiri amakumana nazo akamayandikira kusiya kusamba. Thupi limasintha, msambo umadumpha, moto umabwera wokha n'kuchoka wokha. Zimatha kutenga zaka zingapo, koma zimadzaleka. Ine ndemwe ndikulemba yankho lino ndili ndi kansalu konyowa pakhosi, anzanga mu ofesi muno atavala majuzi.

Komabe musangodalira mawu anga. Chipatala muli nacho pafupi, pitani. Akakuyezeni mimba, chifukwa pa nthawi imeneyi mayi atha kuima ndithu, ndipo ngati mumalera musasiye panokha. Akaonenso kuthamanga kwa magazi, shuga ndi malungo. Motowo ukamakulepheretsani kugona kapena kugwira ntchito, auzeni osachita manyazi. Thandizo lilipo.

Tibwere ku zoziziritsa. Mafuta obiriwirawo tayani, amangonamiza khungu. Kafani sungani, n'kabwino, bola muzimanga mpango mosasiya nsonga. Kumaliro ndi kutchalitchi muzitenga chokupizira cha mlaza kapena kachidutswa ka katoni, izi sizilira. Muziyenda ndi botolo la madzi ozizira ndi kansalu kothira madzi, moto ukabwera kuika kuseri kwa khosi. Patulani paketi imodzi ya malambe oundana ikhale yanuyanu, yosagulitsa, muziikulunga m'kansalu n'kuigwiritsa pakhosi pomwepo. Valani zopepuka za thonje, za nayiloni zipume kaye. Tiyi wotentha kwambiri ndi tsabola chepetsani, muone ngati zisintha.

Koma mutu m'furiji lekani lero lomwe. Thukuta ndi chakudya cha anthu siziyenderana, ndipo chivindikiro chimenecho tsiku lina chidzakugwerani pakhosi, a Ellen n'kunena kuti chinthu chija chakumezani. Furijiyo musaipereke kwa munthu. Ndiyo ikudyetsa banja lanu.

Za akulu a mpingo, musayambe ndi abambowo. Yambani ndi akazi awo. Itanani amayi akuluakulu angapo a mumpingo, mukhale pamphasa, muwauze monga mwandiuzira ine. Mudzadabwa. Ambiri a iwo anadutsamo, angokhala chete monga munakhalira inu. Mudzamva kuti wina ankagona pasimenti, wina ankathawira kubafa alendo ali pakhonde. Amayi amenewo ndiwo akalankhule ndi amuna awo, ndiwonso akapereke uthenga kwa amayi a kuchimuna. Nkhani ya Tisungeni idzawongoka kudzera khomo limenelo, chifukwa apongozi akewo nawonso ndi mayi.

Akulu a mpingo akabwerabe, alandireni ndi ulemu. Atsegule okha, atulutse nkhuku imodziimodzi mpaka aone pansi. Pemphero silinawonongepo furiji. Akamaliza, tulutsani kafani kaja, mukayatse pamaso pa onse, a Ellen akavale m'khosi amve okha kulira kwa njuchi zawo. Musawakalipire. Mantha ndiwo anawayankhulitsa, ndipo ngati ali aang'ono kwa inu, moto wawo uli m'njira.

A Laimoni musawasiye mumdima. Afotokozereni bwinobwino chimene chikuchitika m'thupi mwanu, ndipo kuchipatalako mupitire limodzi akamve okha. Mwamuna wochita nsanje ndi furiji ndi mwamuna amene akukufunanibe. Mawu okoma aja muziwauza iwo.

Chenjezo langa ndi ili. Nkhani yanu ikamveka, mavenda adzakupezani ndi mapiritsi ndi timabotolo ta zitsamba, ati zozimitsa moto wa amayi. Musamwe chilichonse chimene achipatala sanachione. Ndipo mukadzaona magazi ochuluka kuposa kale, kapena osaleka msanga, kapena obwera mutatha chaka chathunthu osasamba, kapenanso mukayamba kuonda ndi kutsokomola, zimenezo si za kansalu konyowa ayi. Tsekani golosale, makasitomala adikire, mukaonane ndi adokotala tsiku lomwelo.

Aphungu.