Mawu a Bambo Ako Atsekeredwa m'Kompyuta

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi ana. Kodi chifuwa cha wamng'ono uja chinaleka? Nanga kuntchito zikuyenda? Ife kuno tadzuka. Mwendo wanga uja ukumatupabe dzuwa likapendeka, koma ndikuyendera. Bambo ako m'thupi ali bwino, akudya ndipo mankhwala akumwa.

Udabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ndili nayo. Nyumba ino ukuidziwa kuchepa kwake. Sitiroko ija inawalanda bambo ako pakamwa ndi dzanja lamanja, koma makutu inawasiyira onse awiri, ndipo ndikanong'ona kukhitchini iwo amamva ali kuchipinda. Zimene ndikufuna kukufunsa sindifuna azimve. Ndikamaliza kulemba, mayi a nyumba yoyandikana nafe aja aijambula pa foni yawo n'kukutumizira.

Kompyuta ya bambo ako yakana kutsegula.

Zinayamba Lolemba m'mawa. Nditawasambitsa, ndinawakhazika pampando wawo wa pawindo, n'kuwaikira kompyuta patebulo monga mwa masiku onse. Ndinadina batani. Kuyaka inayaka, ndipo timadontho tija tinayamba kuzungulira. Ndinapita kukatereka madzi a tiyi. Pobwera ndinapeza tikuzungulirabe. Kenako sikirini inasanduka yabuluu, inalemba zachingerezi, inadzizimitsa, n'kudziyatsanso yokha. Timadontho, buluu, kuzima. Osapitirira pamenepo.

Iwe ukudziwa kuti m'nyumba muno chinthu chimenechi ndicho pakamwa pa bambo ako. Paja tchuthi chako chonse chinathera pamphasa ya pabalaza, ukudula mawu awo m'mavidiyo akale ndi m'mauthenga amene ankakutumizira asanadwale, n'kuwaika pa mabatani akuluakulu aja. Akadina lobiriwira, amapempha madzi ndi mawu awo enieni. Akadina lachikasu, amandiitana. Lofiira lija, loti "Iyayi, si choncho," linachita kukutuka utoto chifukwa cha kudinidwa. Unawaikiranso kuseka kwawo kwa pa ukwati wako, ndipo amakonda kudina batani lake ndikapsereza mphika. Zina zonse amalemba ndi chala chimodzi, mayi wa m'kompyuta uja, amene amalankhula ngati ali ndi madzi m'kamwa, n'kumawawerengera mokweza.

Tsono taganiza, zonsezi zinangoti zii tsiku limodzi.

Ndinaitana mayi oyandikana nafe aja, popeza kuofesi kwawo amagwiritsa ntchito makompyuta. Anazula mawaya onse n'kuwabwezeretsa. Anachotsa mabatani ako aja, akuti mwina ndiwo akuisokoneza. Anagwira batani loyatsira kwa nthawi yaitali. Anafufuza pa foni yawo n'kupeza zoti uzidina batani lina lapamwamba mofulumira ikamayaka, ndipo tinadina mosinthana mpaka zala kuwawa. Nthawi ina inalemba kuti ikudzikonza yokha. Tinakhala pansi kudikira ngati tili pakhomo la dokotala. Pofika masana inalemba kuti yalephera.

Nthawi yonseyi bambo ako ankamenya tebulo ndi dzanja lamanzere, uku akutulutsa kamawu kawo ka pakhosi kaja. Ine ndinkayesa akuti tifulumire. Ndinkangoti pirirani bambo, ndikuyesanso, n'kudinanso batani. Mayi aja atapita ndinapitiriza ndekha. Ndikatsuka mbale, ndikayatse. Ndikayanika zovala, ndikayatse. Ndinkati mwina ili ngati wailesi yathu yakale ija, imene inkalankhula ukaiumiriza.

Lachiwiri ndinadula katoni ya sopo n'kulembapo zilembo zonse zikuluzikulu, monga ankachitira anamwino kuchipatala kuja. Ukukumbukira mmene ankadera njira imeneyi. Chala chawo chimanjenjemera, chimagwera pakati pa zilembo ziwiri, ndipo ine ndimatchula cholakwika. Komabe tsiku limenelo analimbikira mpaka thukuta. L, E, K, A. Nditawerenga kuti "leka," ndinayesa akunena za katoniyo. Ndinapepesa, ndinaichotsa pamaso pawo, ndipo ndinapita kukayatsanso kompyuta kuti ndiwasangalatse.

Lachinayi m'pamene ndinatumiza uthenga kwa bambo wokonza makompyuta uja wa shopu ya pafupi ndi siteji ya basi, amene anaphunzira ntchito m'manja mwa bambo ako. Tsopano wanenepa, ndipo imvi zayamba. Anabwera yekha, anakana kuti ndinyamule kompyuta pa basi. Atalowa anavula chipewa, n'kuwagwira bambo ako dzanja lamanzere ndi manja ake onse awiri, akuwatchulabe kuti abwana.

Anayamba ndi kulowetsa fulashi yake, ndipo kompyuta inatsegula. Ine ndinaomba m'manja. Koma iye anati ndisasangalale msanga, chimene ndikuonacho n'chobwereka, chikuchokera m'fulashimo. Anati chikungotiuza kuti mbali zina zonse zili bwino, koma disiki ya m'kati, mosungiramo zinthu, siikuoneka. Anaizimitsa, anamasula chivundikiro chapansi, anaiyatsanso kamodzi n'kuika khutu pafupi. Nanenso ndinamva. Ka, ka, ka, ngati wotchi yaing'ono. Anaizimitsa msangamsanga.

Anandifotokozera kuti m'katimo muli kambale kozungulira ndi kamkono kowerenga. Kamkonoko kawonongeka, ndiye nthawi iliyonse ukayatsa kamakanda kambale kaja, n'kufufuta zimene zinalembedwapo. Kenako anandifunsa kuti, "Mayi, chiyambire vutoli mwaiyatsa kangati?"

Ndinati sindingawerenge.

Sanandidzudzule. Anangotembenuka n'kuyang'ana bambo ako, ndipo bambo ako anayang'ana kunja pawindo. Pamenepo m'pamene ndinamva zimene ankanena pomenya tebulo, ndiponso "leka" uja. Munthu amene wakonza makina a m'maofesi moyo wake wonse anaimva ka ka ka imeneyo kuyambira Lolemba. Anakhala pampando paja akuonerera mkazi wake akukanda mawu ake ndi chala chake chomwe, akumwetulira, akuti pirirani bambo.

Mwana wanga, ndinalowa kubafa n'kutsegula mpopi kuti asandimve.

Wokonza uja akuti kuika disiki yatsopano si nkhani. Watenga kompyuta, abwera nayo Loweruka, ndipo bambo ako adzatha kulembanso, mayi wa m'kompyuta uja n'kumawawerengera. Koma mawu awo enieni ali mu disiki yakufayo. Akuti kuli anthu ena kutali amene amatsegula zinthu zoterezi m'chipinda chopanda fumbi, nthawi zina amapulumutsa zina, nthawi zina ayi. Nditamufunsa kuti yathuyi akuiona bwanji, anayamba kulongedza zida zake. Disikiyo anaikulunga m'kathumba n'kundiuza kuti ndisalole aliyense kuilumikiza. Ndaiika m'dirowa ya masatifiketi. Ndi kanthu kosakwana n'chikhatho chomwe.

Funso langa ndi ili. Kodi mawu aja unawasunganso pena?

Ndikudziwa kuti foni yako yakale, imene inali ndi mauthenga awo, anakubera m'basi. Ndikudziwanso kuti mavidiyo aja unawatenga m'kompyuta yomweyi. Koma mwina unatumiza kwa amuna ako kuti amve. Mwina anatsalira pa kompyuta ya kuntchito kwako. Ine kuno ndagwedeza nyumba yonse. Ndinapeza mafulashi m'bokosi lawo la zida, ndipo wokonza uja anawayesa onse. Muli nyimbo, zithunzi za makina a anthu, ndi mapepala a ntchito. Mawu awo mulibe.

Chonde usandiyankhe poimba. Lemba pa foni ya mayi oyandikana nafe, adzandiitanira kumpanda. Ngati ulibe, undiuze mosabisa, ndipo undithandize kuganiza mmene ndingawauzire, chifukwa ine ndayesa kukonza mawu ake m'mutu koma sakubwera. Kapena akudziwa kale. Nthawi zonse iwo ndiwo amayamba kudziwa.

Masiku anowa tikukhala mongolota. Dzulo anafuna chinthu. Ndinabweretsa madzi, anapukusa mutu. Bulangete, ayi. Wailesi, ayi. Ndinawakanda kumsana, ndinatseka katani, ndinaitsegulanso. Pomwe ndimazindikira kuti akufuna kuchimbudzi n'kuti tachedwa kale. Powasintha zovala anatseka maso, ndipo sanawatsegule mpaka nditamaliza kukolopa. Chakudya chamasana anakana.

Sindikudandaula za ntchito, ndinaizolowera. Chikundipweteka n'chakuti Loweruka m'nyumba muno mudzamveka mawu a mayi wachilendo akundiitana, akupempha madzi, akunditsutsa, ndipo ine ndidzayenera kuyankha kuti ndamva bambo. Pamene sitiroko inawagwira ndinalira kuti sindidzamvanso mawu awo, kenako iwe unawabweza. Sindinadziwe kuti munthu angataye chinthu chimodzi kawiri.

Za kubwera sindikukukakamiza. Ndikudziwa ulendo wake, ndiponso ana ali pasukulu. Koma ukanakhala pano ukanadziwa batani loti usadine.

Ndikulemba kalatayi patebulo lomwe pamakhala kompyuta paja, ndipo bambo ako andiyang'ana kuyambira pa moni. Posachedwapa analoza pepalali. Ndinawauza kuti ndikulembera iwe, n'kuwafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikuuze. Anagwedeza mutu, n'kuloza katoni ija okha, koyamba chiichotsereni. Ndinaigwira pafupi, ndipo ulendo uno ndinatchula chilembo chilichonse pang'onopang'ono, kudikira kuti avomere. A. S. A. Atafika pamenepo dzanja linagwera pamwendo, ndipo silinadzukenso. Ndinadikira. Tsopano agona pampando pomwepo.

Sindikudziwa ngati amati asadandaule, asabwere, kapena asachedwe. Ndaopa kuwasankhira, popeza sabata ino ndawasankhira zambiri. Ndakutumizira monga anandipatsira.

Undiperekere moni kwa amuna ako, uwathokoze chifukwa cha mankhwala aja. Ana uwapsompsone, ndipo wamkuluyo umuuze kuti chithunzi chimene anajambula chikadali pakhoma la agogo ake. Mulungu akusunge, akupatse mphamvu pa ntchito yako, ndipo akukumbutse pamene unaika mawu aja.

Ndine,
Mayi ako