Mapiritsi Atatu a Abambo

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno ku Wimbe tilipo ndithu. Fodya tasoka, ali m'chigafa. Mpongozi wanu, mkazi wa Yohane, wachira, mwana wamkazi, ndipo watenga mphuno yanu ija. Tamupepesa kale.

Nkhani yaikulu ndi ya abambo. Anatsala pang'ono kuchotsedwa pa ukulu wa mpingo, mlandu wake wa mowa. Inde, amuna anu omwewo, amene amakana thobwa likangogona masiku awiri.

Lamulungu lina akuyendetsa mbale ya chopereka anayamba kudzandira, mpaka anakakhala pamiyendo pa amayi ena amvano. Sabata yotsatira anagona m'kati mwa pemphero limene ankapemphera okha. Mpingo wonse unangotsinzina kudikira ameni amene sanabwere. Akulu anzawo anafika kunyumba ati kudzacheza, koma aliyense ankasendeza mpando pafupi kuti anunkhize. Zinandipweteka, Amayi. Ndinakumbukira mawu anu aja akuti mvula ikakuona litsiro sikata. Munthu waferedwa, ali ndi khunyu, mapazi amamuyaka moto, lero akhalenso chidakwa?

Ndinawakweza kabaza kupita nawo kuchipatala. Atawayeza magazi, adokotala, mtsikana wodekha bwino, anatiuza kuti impso za abambo zafooka. Mankhwala aja a khunyu ndi kuyaka kwa mitsempha amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndiye zikafooka amangounjikana, munthu n'kumaledzera osalawa kanthu. Anawalembera piritsi limodzi patsiku m'malo mwa atatu, natichenjeza kuti asasiyiretu chifukwa khunyu lingabwerere, komanso kuti tizipita kukayezetsa.

Ine ndimvekere nkhani yatha. Kodi ndinaiwala kuti amuna anu ndi mlimi wa fodya? Tisanafike n'komwe pamsewu anayamba kudandaula kuti mtsikanayo ndi woumira, akusungira abale ake mankhwala. Iwo ati chiyambire sanaonepo munda wokolola zambiri chifukwa chouchepetsera feteleza. Ndinawakumbutsa kuti chaka cha ng'amba feteleza wambiri amawotcha fodya. Anavomera kuti za fodyazo n'zoona, koma iwo si fodya.

Masiku atatu tinakokanakokana. Ndikabisa botolo la mapiritsi mu ufa, alipeza. Ndikabisa m'chigafa, alipeza msanga kuposa mu ufa. Tsiku lachinayi ndinapsa mtima, n'kuwafunsa ngati akufuna kukutsatirani. Anatembenuza botolo lija m'manja.

“Amayi ako ankandipatsa atatu,” anatero. “Ndisinthe bwanji iwo osadziwa?”

Ndinalowa m'nyumba kukalira. Zaka zonse zija munkawawerengera m'dzanja m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo kwa iwo ndi lamulo lanu lokhalo limene latsala pakhomo pano.

Ndiye tinapangana kuti ndikulembereni, iwo azimwa piritsi limodzi mongoyembekezera yankho. Ndachedwa kulemba, papita masabata awiri. Akuyenda mowongoka, khunyu silinawagwire, mapazi amayakabe pang'ono koma akuti n'zopiririka. Kabuku ka kuchipatala ndinakaonetsa akulu ampingo, mlandu unathera pomwepo, ndipo amene ananunkhiza kwambiri uja ndi amene anatsogolera pemphero lothokoza.

Tsono Amayi, nkhani ndi imeneyo. Atatu aja munkachita bwino, koma impso si zomwe munazisiya. Ndawauza abambo kuti mukakhala chete titenga kuti mwavomera. Ali pompano pakhonde, ndipo akuti n'zokayikitsa, chifukwa inu simunavomerepo kanthu mwakachetechete. Komabe atambasula dzanja, ndawaikira limodzi, ameza.

Ndikulonjeza kuti ndiziwawerengera ndekha tsiku ndi tsiku, m'dzanja, monga munkachitira. Timakukondani, ndipo takusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Esinati