Mfumukazi ya Deibis

Lima, 14 Ogasiti

Okondedwa achemwali a Maigualida,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo la amayi likuwalola kupita kutchalitchi? Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa tinaliiwala, ndi chifunga chokhachokha, ndipo mwana wanga Yorgelis akutsokomolabe. Kalatayi ndapatsira a Nélida amene akubwera kumeneko pa basi, chifukwa nkhaniyi sindingaikambe pa foni mwana akumva.

Mukudziwa kuti chimwalirireni mwamuna wanga Deibis, chikutidyetsa ndi kompyuta imene anasiya, yomwe ndimayankhirapo makasitomala a kampani ya inshuwalansi. Malemuyo anaigawa pawiri ngati banja la mitala. Mbali ya Linux ndi yanga ya ntchito, ya Windows inali yake, yokhoma ndi mawu achinsinsi.

Sabata yatha magetsi anathima. Atayaka, kompyuta inadzilowera yokha kumbali ya Deibis. Ndinaizimitsa n'kubwerera kwanga, koma kuyambira pamenepo intaneti kuli zii. Kanyali kamene kamaphethira pobayira waya nako kanathima.

Ndinaitana a Huamán, okonza makompyuta amene ali ndi kashopu pansi pa nyumba yathu. Anasintha waya, anazula pulagi n'kudikira, anayesa waya wathu pa kompyuta yawo ndipo unagwira bwinobwino. Pomaliza anati kakhadi ka netiweki sikanapse ayi, kanangogonekedwa ndi mbali inayo, ndipo wokadzutsa ayenera kulowera komweko. Anandibwereka kachipangizo ka intaneti kobaya pambali, koma kamadula mawu, makasitomala mpaka amanditukwana. Abwana anena kuti mwezi ukatha zili chonchi, malo anga apatsa wina.

A Huamán akuti njira ina n'kufufuta mbali yonse ya Deibis n'kuikamo yatsopano. Ndinakana. Mavidiyo ake akuimbira mwana ali khanda ali m'menemo, kwina kulibe.

Tsono ukalakwitsa mawu achinsinsi, pamatuluka chikumbutso chimene analemba yekha: mfumukazi yanga. A Huamán ataona anaseka, amvekere, “Aa, mayi, ndiye mwandikwezeranji masitepe onsewa? Lembani dzina lanu basi.”

Ndinalemba Yusmary. Inakana. Ndinalemba la mwana, la apongozi, ngakhale la Divina Pastora, Amayi Maria a kutchalitchi kwathu aja, inakanabe. A Huamán anasiya kuseka, anayamba kukulunga mawaya awo osandiyang'ananso kumaso. Achemwali, ndinachita manyazi, ndipo mtima ukundiwawa mpaka lero. Munthu amene ndinawoloka naye malire atatu, tikugawana arepa imodzi, kamkate ka chimanga kaja, ndimayesa ndikumudziwa.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite ku Cabudare kwa a Wilmer, akulu ake a malemu, mukawafunse kuti mfumukaziyo ndani. Mwina ndikudzivutitsa chabe, mwina ndi njinga yamoto yofiira ija, kapena kambuzi kena ka ali mwana. Akayamba kuzungulirazungulira monga mwa chizolowezi chawo, muwauze kuti sindikufuna mlandu ndi munthu amene ali m'manda. Apongozi asamve, mtima wawo ndi wofooka.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa azakhali a Coromoto ndi ana onse. Yorgelis akuti agogo amudalitse.

Likakhala dzina la mkazi, achemwali, musandibisire pondimvera chisoni. Mungolemba bwino zilembo zake kuti ndisalakwitse, poti ntchitoyi ndikuifuna.

Ndine mng'ono wanu,
Yusmary