Nandolo Munatiuza Tisunge Uja

Okondedwa asuweni a Fausto,

Kuno ku Molumbo tilipo, kaya inu ku Maputoko. Dzulo tinakumvani pa wayilesi ndi anzanu a ku banki, mukuyamikira banki yayikulu posatsitsa chiwongoladzanja, ati masheya akukwera. Manyazi mulibe? Si inu munatiletsa kugulitsa nandolo, mumvekere chiwongoladzanja chitsika, ogula apeza ngongole, abwera ndi mtengo wabwino? Ogulawo sitinawaone. Amene anabwera ndi anankafumbwe, nandolo yense wafumbwa.

Mwana wanga wamkazi Belinha wasiya sukulu, ndalama palibe. Pakhomo pano payamba kufika bambo wina wa njinga yamoto, wamkulu kuposa inu, ndipo amuna anga akumamupatsa mpando. Mukadzapitanso pa wayilesipo, mukanenenso zimenezi.

Ndine msuweni wanu,
Mércia