Msomali wa Pambali pa Asewere

Okondedwa achemwali,

Landirani moni wanga. Kodi mwendo uja ukukulolani kuyenda masiku ano? Ine thupi lili bwino, wavuta ndi mtima. Akundilembera ndi atelala a khomo loyandikana nafe, chifukwa nkhani iyi sindingaipereke m'manja mwa mpongozi. Ikukhudza bambo ake.

Ntchito ya mwana wanu ikuyenda. Amaika m'mafelemu magazini akalekale ndi masamba a timabuku ta zithunzi, tija anthu ake amalankhula mawu otuluka m'kamwa ngati utsi. Mutaona ulemu wake! Pepala saligwira asanavale magolovesi oyera. Guluu safika pafupi. Galasi lake ndi lotchinga dzuwa kuti mitundu isasuluke. Pamene padyeka m'mphepete amaphimbapo ndi chikatoni choboola pakati ngati zenera, basi chilema chabisika. Kuno pepala likafiira ndi ukalamba m'pamene limalemekezeka. Ine ndinafiira kalekale, koma wondivalira magolovesi sindinamuone.

Komabe ndinali ndi malo anga. Makasitomala akamadikira, ndinkakhala pampando wa pakhomo pa shopu yakeyo n'kumawafotokozera nkhani za pazithunzizo. Mawu a mu utsi aja sindiwerenga, ndiye ndinkaikamo anga, ndipo ena ankati angawo ndiwo okoma. Adzukulu akaweruka kusukulu ankafikira pamiyendo panga.

Ndiye kunatulukira asewere, bambo ake a mpongozi aja. Anasolola m'chikwama magazini yothaitha, pachikuto pali iwowo ali mnyamata, chifuwa pamtunda, atakunga zibakera. Ati ankamenya nkhonya. Mwana wanu, yemwe ndinabereka ine, anachita kugwira pakamwa. Anaisankhira felemu yakuda ya mzere wagolide n'kuipachika pamwamba pa kauntala. Pano aliyense wolowa amayang'ana khoma, kenako asewere, kenako khomanso.

Chonsecho nkhani ali nayo imodzi yokha, ya mmene anagwetsera munthu wina, ndipo kuikamba kwake sadziwa. Amayambira kumapeto! Munthu wagwa kale, ndiye tidikirenso chiyani? Koma adzukulu ali kukamwa yasa. Wamng'ono uja anafika pondifunsa ngati inenso ndinakhalapo mnyamata.

Pambali pa felemu ya asewere pali msomali wopanda kanthu. Ndinafunsa mwana wanu ngati akusungira ine. Anaseka, n'kunena kuti ndibweretse pepala, poti pakamwa sapachika pakhoma. Ati ndikachedwa aikapo chithunzi cha munthu wouluka wovala kabudula pamwamba pa thalauza. Atelala akuseka mpaka cholembera chagwa, koma ine sizikundiseketsa. Ndilandidwe adzukulu ndi wankhonya, msomali ndilandidwenso ndi wakabudula?

Pempho langa ndi limodzi. M'sutikesi ya malemu mayi muli chithunzi changa chija ndili mnyamata, nditamanga tayi, tsitsi lonse lilipo. Munditumizire msanga ndi munthu wodalirika. Musachipinde, musachipukute ndi madzi, muchiike pakati pa zikatoni ziwiri. Ngati mphemvu zadya m'mbali, zisakudetseni nkhawa, mwana wanu ndi ntchito yake imeneyo.

Ndikukumbukira kuti pachithunzicho alamu anaima pambali panga, ndiponso kuti ndi aatali kundiposa, komanso ndiwo anavala chipewa. Muwauze mwaulemu asakhumudwe. Ndayeza kale ndi zala zenera la chikatoni chija. Mukukwana munthu mmodzi.

Mundiperekere moni kwa ana onse ndi zidzukulu, kwa azakhali ngati akumvabe, ndi kwa alamuwo. Muwatsimikizire kuti m'felemumo adzakhalamo ndithu, kungoti kuseri.

Ndine mlongo wanu,
Bambo ake a wamafelemu