Theka la Chikho

Lolemba, 1 Novembala 1367

Mvumbi. Chilatini m'mawa wonse ndi wansembe Odo, m'kachipinda kozizira kapamwamba pa nsanja. Andipatsa zidutswa za zikopa kuti ndiziyesererapo kulemba. Zoti ndizilembapo sananene.

Pa chakudya bambo alengeza kuti nduna ya mfumu, Sir Aumary, ibwera Loweruka kudzaona ngati nyumba yathu ino, ya Sir Meiler, ikusunga lamulo latsopano lija. Mwana wa Mngerezi asaleredwe kwa Aairishi, asasunge tsitsi ngati iwo, asakwere hatchi yopanda chishalo, asalankhule chilankhulo chawo. Wolakwa amulanda malo ake. Bambo sanandiyang'ane, koma ena onse maso anali pa ine. Milandu yonseyo ndi yanga.

Lachiwiri, 2 Novembala

Vuto lenileni ndi Manus. Ine ndi iye tinayamwa bere limodzi, la amayi ake a Mor, kutsidya kwa dambo, kwa Aairishi, kumene bambo ananditumiza ndili khanda, mayi anga atamwalira. Pondibweza kuno chaka chatha anabwera nane. M'linga muno ndilibenso wina wocheza naye.

Ndamva bambo ndi a Odo pamakwerero. A Odo: "M'bwezeni kwawo, bwana, zithe." Bambo: "Ndikam'bweza ndanyoza atate ake, mawa lake ng'ombe zanga zikagona kutsidya." Ndiye agwirizana chonchi: Manus akhala wantchito wanga, dzina lake Matthew, wosalankhula chibadwire. Nduna ikachoka osazindikira, atsala. Ikazindikira, basi.

Lachitatu, 3 Novembala

Atimeta. Tsitsi lonse lakumbuyo lija, limene a Mor ankalipesa ndi zala, lili pansi pamodzi ndi ndowe.

Manus: "Redmond, makutu akowo anali kuti masiku onsewa? Ukathamanga uuluka." Ine: "Nanga iwe, mutu ngati dzira losenda." Tinaseka mpaka wometa anatukwana. Kenako ndinamuona akutola kamtolo ka tsitsi lake n'kukabisa m'malaya. Ndinayang'ana kumbali.

Tinakakhala m'khola la mahatchi ndi chikho chathu cha mowa wofewa. Kwa a Mor chikho cha anafe chinali chimodzi. Ankati oyamwa limodzi amamwera limodzi, wina theka, wina theka. Sindikumbuka tsiku limene ndinaona pansi pa chikho ndekha.

Lachinayi, 4 Novembala

Chishalo. Chimandikhalitsa ngati thumba la ufa. Ndikangofika pa hatchi miyendo imafuna kudumpha yokha. Bambo kukuwa: "Usadumphe! Ponda popondera apo! Kodi unabadwira m'dambo?" Ndinatsala pang'ono kuwakumbutsa amene ananditumizako.

Madzulo a Odo amaphunzitsa Manus kuima kumbuyo kwa mpando wanga ndi mtsuko. Iye kundinong'oneza: "Abwana aang'ono afuna chiyani? Ndiwapukute mamina?" A Odo am'menya khofi. Wosalankhula sanong'ona.

Lachisanu, 5 Novembala

Nsomba zamchere. Manus wayesa kukhala chete tsiku lonse, wafika nako masana.

Loweruka, 6 Novembala

Afika. Sir Aumary ndi munthu wamfupi, wachimfine, wonunkhiza chilichonse. Wayang'ana makosi athu, wakafika mpaka kukhola kukaona zishalo. Ndakwera hatchi bwinobwino, phazi popondera, ndazungulira bwalo osagwa. Ndanena pamtima salimo m'Chilatini osaphonya. "Mngerezi weniweni uyu," watero. Bambo andigwira phewa. Sanachitepo zimenezi chibwerereni.

Kwatsala phwando la mawa basi.

Lamulungu, 7 Novembala

Sindikufuna kulemba, koma ndilibe womuuza.

Phwando linali Misa itatha. Nyama yankhosa, mchere wambiri. Zonse zimayenda bwino, nduna ikuseka, bambo akuseka, mtima wanga m'malo. Manus anandithirira vinyo. Ndinamwa theka. Dzanja linapita lokha kumbuyo, pamwamba pa phewa, ine maso ali pa mbale. Nayenso sanaganize. Analandira, n'kumwa.



Nduna inaika mpeni pansi. "Sir Meiler, kwanu kuno antchito amamwera chikho cha mwana wa mwini nyumba? Kumene ndinaziona zimenezi ndi kwa anthu akudambo, pakati pa ana oleredwa pamodzi." Kenako kwa ine: "Mnyamata, uyu ndi ndani wako?"

Bambo amayang'ana buledi. Ndinaganiza za linga, za minda, za manda a mayi anga kuseri kwa tchalitchi. Ndinati: "Si kanthu kwa ine, bwana. Wachita kunditsomphola chikho."

"Ndiye mlange wekha, tione."

Anatitulutsa tonse pabwalo, mvula ikugwa. Chikoti anandipatsa ndi bambo. Ndinayamba mofewa, nduna inatsokomola, ndinaonjezera. Manus sanalire, sanatulutse ngakhale liwu limodzi. Sabata yonse amalephera kukhala chete, lero wakwanitsa.

Nduna yati yakhutira, malo athu ndi athu. Koma wantchito wamwano chotere isadzam'pezenso muno.

Lolemba, 8 Novembala

Onse awiri apita, nduna kum'mawa, Manus kumadzulo.

Ndinam'peza pachipata. Ndinali nditakonza mawu ambiri, onse anathawa. Ndinangoti, "Msana uli bwanji?" Iye: "Uli bwino, bwana." Sanali kuseka ayi.

Anadumphira pa hatchi yake yopanda chishalo, nkhope n'kukwinyika ndi ululu. Atayenda pang'ono anatembenuka. "Amayi ndikawauza kuti ndinagwera paminga. Asadzamve kwa wina." Basi. Ndinaima pomwepo mpaka nkhungu inam'meza.

A Odo ati ndachita zanzeru. Chilatini sichinalowe.

Lachiwiri, 9 Novembala

Chakudya chamasana, ine ndi bambo awiriwiri patebulo lalitali lija.  Ndinamwa theka, ndipo ndinazindikira dzanja lili kale pamwamba pa phewa, chikho chili m'malere. Kumbuyo kuli khoma.

Ndinachibweza msanga, koma bambo anali ataona. Ndimayembekeza kukalipiridwa. Anayang'ana kukhomo, kenako analankhula motsitsa, m'Chiairishi. Sindimadziwa n'komwe kuti amachitha.

"Wanga woyamwa naye dzina lake linali Cormac. Dzanja limachedwa kuiwala." Anakankhira chikho kwa ine. "Imwa chonse, Redmond."

Ndinamwa. Pansi pake pali kamng'alu. Sindinakaonepo.