Mpando wa ku Jenda

Lachinayi madzulo. Ndatopa, msana ukuwawa chifukwa choimirira pakauntala tsiku lonse.

Abwana anandiitanira mu ofesi masana. Akuti, "A NyaJere, kudepoti yathu ya ku Jenda kukufunika woyang'anira. Mwagulitsa mbewu zaka zisanu ndi ziwiri, mukufuna kukalambira pakauntala pomwepa?" Ndinangoti yewo, ndikaganize kaye.

Mpandowo ndikuufuna chomene. Koma akufuna ndiyambe dipuloma ku Mzuzu, Loweruka lililonse, tsiku lomwe ndimapita ku Embangweni kukasambitsa amama ndi kuwachapira. Ndaimbira achemwali. Akuti, "Mbwenu yamba sukuluyo, amama ndiziwaona ndine." Chaka chatha analonjezanso chomwechi, koma sanapiteko ngakhale kamodzi.

Pa fomu yovomerera mpandowo, yomwe abwana anandipatsa, ndalembapo dzina lokha. Abwana akuifuna Lolemba.